Wakutsina Khutu ndi Mnansi: Za Ndege ndi Miliri

Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Pamudzi, munthu amene waona moto ukulowera kunkhokwe nakuwa amathokozedwa. M'chaka cha 2021 maiko olemera adaponda mwambo umenewu, ndipo adzukulu ayenera kudziwa mmene zidakhalira.

Pa 24 Novembala, dziko la South Africa lidadziwitsa bungwe la WHO za mtundu watsopano wa kachilombo ka Covid-19, umene pa 26 Novembala udatchedwa Omicron. Mphotho yake idali kutsekeredwa chitseko. Britain ndi America adaletsa apaulendo ochokera kumwera kwa Africa, Malawi ali m'gulu lomwelo. A Lazarus Chakwera, amene panthawiyo adali mtsogoleri wa dziko, adadzudzula chiletsocho kuti chidali tsankho lodana ndi Aafirika. Posakhalitsa dziko la Netherlands lidapeza kachilomboka m'zoyeza zimene zidatengedwa pa 19 ndi 23 Novembala, South Africa asanalankhule n'komwe. Pa 15 Disembala Britain adachotsa chiletso chija, poti matendawo adali atafala kale kwawo. Mpanda adaumanga fisi ali kale m'khola.

Ena amati boma lili ndi udindo woteteza anthu ake. N'zoona, koma chitetezo cholanga wochenjeza chimaphunzitsa maiko kubisa matenda, ndipo mliri wobisidwa umakwera ndege popanda woudziwa. N'chifukwa chake malamulo a zaumoyo amene maiko adagwirizana mu 2005 amati njira zothana ndi mliri zisasokoneze maulendo ndi malonda popanda chifukwa chokwanira.

Nanga kupirira kwa maulendo a pandege n'chiyani? Mu 2020 chiwerengero cha okwera ndege padziko lonse chidatsika ndi 60 peresenti. Kampani ya Ethiopian Airlines idachotsa mipando m'ndege zina niyamba kunyamula katundu ndi zipangizo zachipatala. Kupirira ndi kumeneko: kusintha kayendedwe njira ikadali yotsegula. Kumafunanso kuti pabwalo la ndege pakhale zoyezera matenda mliri usanafike, kuti lamulo likhale limodzi kwa wochokera ku London ndi wochokera ku Lilongwe, ndiponso kuti mankhwala ndi katemera asaimitsidwe panjira.

Mliri wina udzabwera ndithu, ndipo wodzauona poyamba adzakumbukira za 2021. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.