Webusaiti ya Wamalonda Isakhale Chikomekome cha Mkuyu

Malume anga ndi kalipentala ku Ndirande mumzinda wa Blantyre. Amakhoma mabedi, matebulo ndi mipando yoti ukakhalapo sufuna kudzuka. Chaka chatha anagulitsa matebulo awiri n'kulipira mnyamata wina wodziwa za kompyuta kuti awakonzere webusaiti. Tsiku lomwe ndinaiona pa laputopu ya mnyamatayo ndinagoma nayo. Zithunzi zinkasinthana zokha ndipo dzina la malume linkanyezimira ngati golide. Koma nditayesa kuitsegula pa foni yanga kuhositelo, bandulo inatha ndisanaone ngakhale bedi limodzi. Mpaka lero palibe kasitomala amene anafika kwa malume chifukwa cha tsambalo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Maganizo anga ndi akuti webusaiti ya bizinesi yaing'ono iyenera kukonzedwa poganizira wogula, osati pofuna kuonetsa luso la woikonza.

Choyamba, wogula wa malume amafika pa intaneti kudzera pa foni ya m'manja, ndipo bandulo yake amachita kuwerengera. Chithunzi chilichonse cholemera chimamudyera ndalama. Ngakhale Google, kuyambira mu 2019, imayamba yaona momwe webusaiti yatsopano ikuonekera pa foni isanaiike pa mndandanda wa zomwe anthu akufufuza. Choncho wokonza ayese ntchito yake pa foni yotchipa, pamalo pomwe netiweki ndi yofooka, asanalandire malipiro.

Chachiwiri, tsambalo liyankhe msanga mafunso anayi: mukugulitsa chiyani, pa mtengo wanji, muli kuti, ndipo ndilipira bwanji? Mu 1997 Jakob Nielsen anapeza kuti anthu ambiri sawerenga liwu ndi liwu pa intaneti, amangoponya maso kufuna chomwe abwerera. Pa tsamba la malume panalibe mtengo, ndipo nambala ya foni inabisala pansi penipeni. Chomwe chinkafunika ndi batani la WhatsApp pamwamba, mawu onena kuti amalandira Airtel Money ndi Mpamba, komanso kulondolera njira monga timachitira kwathu kuno: kuseri kwa msika, moyang'anana ndi chigayo.

Chachitatu, mwini bizinesi azitha kusintha yekha zomwe zili pa tsamba lake. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti ndipo mitengo ya katundu inakwera. Wamalonda amene amadikira katswiri, n'kumulipiranso, kuti angosintha mtengo wa tebulo, ndiye kuti tsambalo si lake.

Ena anganene kuti kukongola kumakopa ndipo kumapatsa bizinesi ulemu. Sindikutsutsa. Koma kukongola kwenikweni ndi chithunzi chooneka bwino cha bedi lomwe malume anakhoma ndi manja awo, zilembo zowerengeka padzuwa, ndi mitundu iwiri kapena itatu yosathobwa m'maso. Zithunzi zotola pa intaneti za mipando ya ku Ulaya zimangomunamiza wogula, ndipo akafika pamalopo amabwerera atakhumudwa.

Pomaliza, pali nkhani ya chiyankhulo, yomwe ikutikhudza ife ophunzira za ziyankhulo. Tsamba la malume linalembedwa m'Chingerezi cha m'dikishonale choti eni akewo sankachimva. Chonsecho iwo ndi makasitomala awo amanenerera mitengo m'Chichewa tsiku ndi tsiku. Kusankha mawu oti alembedwe pa batani, kufupikitsa chiganizo, ndi kudziwa pofunika Chichewa ndi pofunika Chingerezi ndi ntchito yomwe tikuiphunzira m'kalasi. Tisaisiyire akatswiri a kompyuta okha. Tchuthi chikubwerachi ndikakhala pansi ndi malume pamodzi ndi mnyamata uja, ndipo tikayambira pa funso lomwe kasitomala aliyense amayamba nalo: "Bedi ili ndi zingati?"