Aboutrika sanapite ku Ulaya, ndiye tizimuiwala?

Mkangano unabuka ku hositelo Loweruka lapitali, magetsi atazima mpira wa Liverpool uli mkati. Poti panalibenso choonera, wina anafunsa kuti wosewera wamkulu kuposa onse amene dziko la Egypt linatulutsa ndi ndani. Chipinda chonse chinayankha pamodzi: Mohamed Salah. Ine nditatchula Mohamed Aboutrika, mnzanga wina anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Aise, ameneyo anasewera timu iti ku England?"

Funso limenelo landikhala pamtima sabata yonse, chifukwa yankho lake ndi loti sanasewereko. Ndipo kwa anzangawo nkhani inathera pomwepo.

Salah sindikumuchepetsa ayi. Mnyamata wa m'mudzi wa Nagrig amene ankakwera mabasi angapo, ulendo wa maola anayi kapena kuposerapo, kuti akachite masewera olimbitsa thupi ku timu ya El Mokawloon ku Cairo, kenako n'kubwereranso usiku, palibe angamunene kuti anatola mwayi pansi. Ku Chelsea anamukhazika pabenchi, anakadzimanganso ku Fiorentina ndi ku Roma, n'kubwerera ku England mu 2017 kukamwetsa zigoli 32 mu ligi m'chaka chake choyamba ku Liverpool. Penate yake yolimbana ndi Congo mu October 2017 ndi imene inapititsa Egypt ku World Cup koyamba chichokereni 1990. Ifenso anatilawitsa ululu wake pa Bingu National Stadium mu March 2023, pamene Flames inakwapulidwa 4-0.

Koma taonani za munthu amene anzanga sakumudziwayu. Aboutrika anabadwa mu 1978 ku Nahia, m'dera la Giza, ndipo anaphunzira filosofi pa Cairo University. Anachoka ku timu yaing'ono ya Tersana kupita ku Al Ahly mu 2004 ali kale ndi zaka 25, msinkhu umene ambiri amati wachedwa. Ndi Al Ahly anatenga chikho cha CAF Champions League kasanu. Mu 2006 ndiye anamenya penate yotsiriza imene inapatsa Egypt chikho cha Africa pamaso pa Ivory Coast ya Didier Drogba. Mu 2008 ku Accra ndiyenso anamwetsa chigoli chokhacho mu fainolo yolimbana ndi Cameroon ya Samuel Eto'o. Egypt inatenga chikhochi katatu motsatizana, 2006, 2008 ndi 2010, mphunzitsi ali Hassan Shehata, ndipo ambiri mwa osewera ake ankasewera kwawo konko. Salah anafika mu fainolo mu 2017 ndi mu 2022, ndipo konseko analuza.

N'chifukwa chake amalume anga mpaka lero amakamba za tsiku la mu June 2008 pamene Chiukepo Msowoya anagoletsa pa Kamuzu Stadium, Malawi n'kugonjetsa Egypt 1-0. Amati tinagwetsa njovu. Njovu imeneyo inali yokulira ku Cairo, osati ku Ulaya.

Chimene chimandigwira kwambiri ndi usiku wa pa 1 February 2012 ku Port Said. Mpira wa Al Masry ndi Al Ahly utatha, chipwirikiti chinabuka m'bwalo ndipo anthu 74 anafa, ambiri mwa iwo achinyamata ochemerera Al Ahly, amisinkhu yathu ino. Aboutrika anali pomwepo. Ovulala ankawanyamulira m'chipinda chosinthira zovala cha osewera, ndipo zinamveka kuti mmodzi anatsirizikira m'manja mwake. Ligi ya Egypt inaimitsidwa. Patangotha milungu yochepa, timu ya Basel ya ku Switzerland inasewera mpira wapaubale ndi timu ya achinyamata ya Egypt, Salah anagoletsa ziwiri, ndipo mu April anasaina. Khomo la ku Ulaya linamutsegukira pa nthawi imene mpira wa kwawo unali pamaliro.

Aboutrika anatsala ndi malirowo. Mu September chaka chomwecho anakana kusewera mpira wa Super Cup wolimbana ndi ENPPI, pogwirizana ndi masapota amene ankati mpira usayambe chilungamo cha anzawo chisanaoneke. Timu yake inamuimitsa miyezi iwiri. Aka sikanali koyamba kuti alipire chifukwa cholankhula: mu 2008 anapatsidwa kadi yachikasu atavundukula malaya amkati osonyeza kumvera chisoni anthu a ku Gaza, atagoletsa pa mpira wolimbana ndi Sudan.

Apa ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa nkhaniyi si yokoma monga ndikanafunira. Choyamba, Aboutrika anatha kukhala kwawo chifukwa Al Ahly ndi timu yolemera, yolipira bwino, yokhala ndi masapota mamiliyoni. Mnyamata wa mu ligi yathu amene akudikira malipiro a miyezi yapita sindingamuuze kuti atengere Aboutrika. Ameneyo akapeza mpata ku South Africa apite ndithu. Chachiwiri, kukhala kwawo sikunamuteteze. Mu 2015 boma linatseka chuma chake pomuganizira kuti kampani imene anali nayo gawo inkathandiza gulu la Muslim Brotherhood, ndipo mu January 2017 dzina lake linaikidwa pa mndandanda wa zigawenga. Iye wakhala akukana mlanduwu. Anakhazikika ku Qatar komwe amathirira ndemanga za mpira pa beIN Sports, ndipo bambo ake atamwalira chaka chomwecho sanathe kupita kukaika maliro. Amene anakana kuchoka ndi amene anadzakhala kunja mosafuna.

Komabe zimenezi sizisintha funso la mnzanga lija. Iye sanafunse kuti Aboutrika anapambana chiyani, kapena ankasewera motani. Anafunsa kuti azungu anamuvomereza kodi. Ndipo ndikuopa kuti sitichita izi pa mpira pokha. Chaka chino tikumaliza digiri, ndipo ndamva kale mmene timakambira za anzathu amene anatitsogolera. Amene anapeza sikolashipu ya ku Britain timati zake zinayenda. Amene ali pachipatala cha kumudzi kapena akuphunzitsa pa sekondale ya tsiku timamutchula motsitsa mawu, ngati tikupepesa. Inenso mafomu awiri a sikolashipu ali mu laputopu yanga, ndiye sindikuloza chala munthu.

Magetsi atayaka ndinawaonetsa anzanga pa YouTube chigoli cha Aboutrika cha mu 2006 ku Tunisia, chimene anamenya ndi mwendo wamanzere m'mphindi zotsiriza za fainolo yolimbana ndi CS Sfaxien, bwalo lonse n'kukhala chete. Mnzanga uja anachibwereza katatu. Kenako anandibwezera foni n'kunena kuti, "Koma aise, munthu ameneyu akanapita ku Arsenal akanatchuka."