Chikomekome cha mkuyu pa msika wa cloud

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, pochenjeza munthu wotengeka ndi kufiira kwa chipatso asanaching'ambe. Mwambiwu uyenera kumveka pa msonkhano uliwonse umene akuluakulu a banki, kampani ya inshuwalansi kapena unduna wa boma akukambirana zosamutsira database yawo ku cloud, ndiko kubwereka makompyuta a Amazon Web Services, Microsoft Azure, Google Cloud kapena Oracle m'malo mogula awoawo. Mu database ndimo mumakhala akaunti ya kasitomala aliyense, ngongole iliyonse ndi malipiro a wantchito aliyense, moti ikangotsamwa bungwe lonse limaima chilili. Chimene chimazunguza mitu pa misonkhano yotere ndi kukula kwa makina oti abwereke: ma processor angati, memory yochuluka bwanji, disiki yothamanga motani. Wogulitsa amafika ndi yankho lophikaphika, nambala yonona ya ntchito zimene makina ake amamaliza pa mphindi imodzi. Ine ndikuti nambala imeneyo, ngakhale ikhale yoona, imanena za katundu wa munthu wina. Bungwe limene lasainira pangano lisanayese katundu wakewake, monga amalemerera pa tsiku lotanganidwa kwambiri, ndiponso kwa nthawi yokwanira, lagula mkuyu poona khungu.

Manambala okometsera malonda adayamba kale cloud isanabwere. M'zaka za m'ma 1980 kampani iliyonse yopanga makompyuta inkayesa liwiro la makina ake mwa njira yakeyake, ndipo iliyonse inkapambana pa mpikisano umene yadzikonzera yokha. Mu 1985 katswiri wa ku America Jim Gray ndi anzake adafalitsa m'magazini ya Datamation muyeso wotchedwa DebitCredit, wotsanzira ntchito ya kalaliki wa kubanki woika ndi kutulutsa ndalama mu akaunti. Mu 1988 makampani adakhazikitsa bungwe la Transaction Processing Performance Council, lodziwika kuti TPC, kuti onse azitsata malamulo amodzi ndi kuulula mtengo wa makina pamodzi ndi liwiro lake. Paja liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Muyeso wawo wotchuka, TPC-C wa mu 1992, umatsanzira kampani yopikulitsa katundu. Nyumba yosungira katundu iliyonse imatumikira zigawo 10, chigawo chilichonse chili ndi makasitomala 3,000, ndipo ntchito zake ndi zamitundu isanu: kulandira oda, kulandira malipiro, kutumiza katundu, kufunsa pamene oda yafika ndi kuona katundu wotsala. Mu 2020 database ya ku China yotchedwa OceanBase idapyola maoda 707 miliyoni pa mphindi imodzi pa muyeso umenewu, ikuyenda pa maseva oposa 1,000.

Zotsatira zotere n'zoona ndipo zimaunikidwa ndi anthu apadera, koma taonani chimene zikuyesa. Mu TPC-C ntchito zambiri zimakhudza nyumba yosungira katundu imodzi, kotero kuti ntchitoyo imagawika bwino ndipo ukaonjeza makina liwiro limakwera. Ntchito ya banki ndi ina. Pamakhala akaunti imodzi, monga ija yolandirira ndalama zodutsa pa foni, imene anthu zikwizikwi amaikhudza nthawi imodzi, ndipo database imakhoma mzere wa akauntiyo kuti aliyense alembepo payekhapayekha. Pamenepo ma processor 64 amadikira pamzere chimodzimodzi ma processor 8. Pamakhalanso ntchito ya usiku yowerengera chiwongola dzanja pa ngongole zonse, ndi malipoti a kumapeto kwa mwezi amene amasanthula mbiri ya zaka zambiri pamene makasitomala ali pakalikiliki kutapa malipiro awo. Muyeso wa TPC udathetsa mkangano wa pakati pa ogulitsa okhaokha. Funso la wogula, lakuti kodi makina awa anyamula ntchito yanga, udamusiyira mwini wake.

Cloud yaonjezapo nyerere zake, ndipo imodzi ndi bwino kuiyang'anitsitsa. Kwa zaka zambiri disiki imene anthu ambiri ankabwereka ku Amazon inali ya mtundu wa gp2. Liwiro la disiki amaliyesa mu ma IOPS, kuchuluka kwa maulendo amene ingawerenge kapena kulemba pa sekondi, ndipo gp2 imapatsidwa ma IOPS 3 pa gigabyte iliyonse. Ya magigabyte 100 ndiye kuti liwiro lake lenileni ndi 300. Koma imayamba ndi makirediti 5.4 miliyoni oilola kuthamanga pa 3,000. Ikamathamanga chotero imadya makirediti 2,700 pa sekondi kuposa amene ikubwezeredwa, ndipo onse amatha m'masekondi 2,000, mphindi zopitirira pang'ono 33. Injiniya amene wayendetsa mayeso a mphindi 20 amaona mzere wa liwiro uli mmwamba osagwedera, n'kukauza mabwana kuti zonse zili bwino. Pa tsiku la malipiro, ntchito ikapitirira theka la ola, liwiro limagwa kuchoka pa 3,000 kufika pa 300 popanda waya woduka kapena makina owonongeka, ndipo onse amayamba kuloza zala pulogalamu. Amazon sidabise zimenezi, zili m'malangizo ake, ndipo mu Disembala 2020 idatulutsa gp3 imene imapereka 3,000 mosadukiza posatengera kukula kwa disiki. Komabe makina ake a gulu la T akadayenderabe makirediti a processor mwa njira yomweyo. Mayeso aafupi amayesa nkhokwe ya makirediti, makina enieniwo amaonekera nkhokweyo ikatha.

Nyerere zina ndi zosaoneka bwino kuposa imeneyi. Woyesa akalowetsa deta ya magigabyte 20 m'makina a memory ya magigabyte 64, deta yonse imakwana mu memory ndipo disiki siikhudzidwa nkomwe, pamene database yeniyeni ya materabyte awiri idzakhala ikupita ku disiki mphindi iliyonse. Komanso vCPU, gawo la processor limene cloud imagulitsa, siifanana paliponse. Pa makina ambiri a Intel ndi AMD, ma vCPU awiri amagawana core imodzi, pamene pa ma processor a Graviton a Amazon vCPU iliyonse ndi core yathunthu. Amene wawerenga ma core 16 pa seva yake yakale n'kuitanitsa ma vCPU 16 akhoza kulandira pafupifupi theka la mphamvu imene amayembekezera.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu Epulo 2018 banki ya TSB ku Britain idasamutsa maakaunti a makasitomala oposa 5 miliyoni kuchoka pa makina a Lloyds kupita pa pulatifomu yatsopano ya eni ake, banki ya Sabadell ya ku Spain. Deta idasamuka yonse, koma pulatifomuyo idalephera kunyamula anthu. Ambiri sankatha kulowa mu akaunti zawo, ena ankaona za anthu ena, ndipo zinthu sizidakhazikike mpaka Disembala. Mkulu wa bankiyo, Paul Pester, adatula pansi udindo mu Sepitembala chaka chomwecho. Kafukufuku wa kampani ya maloya ya Slaughter and May, amene adatuluka mu 2019, adapeza kuti pa malo awiri osungira makina amene ankayenera kufanana, mayeso a katundu adachitikira pa amodzi okha, ndipo malowo sadakonzedwe mofanana. Mu Disembala 2022 oyang'anira mabanki ku Britain adailipiritsa TSB chindapusa cha mapaundi 48.65 miliyoni. Makina a TSB sadali obwereka ku Amazon kapena Microsoft, koma phunziro lake n'lomwelo. Mayeso adalipo ndipo malipoti ake adali okoma. Chimene chidayesedwa chidasiyana ndi chimene chidatsegulidwira makasitomala.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo yoyamba ndi yakuti ubwino wonse wa cloud ndi kutha kuonjeza makina pofuna, kotero kulakwitsa kukula si mlandu. Izi n'zoona pa maseva olandira alendo a pa webusaiti, amene sasunga kanthu ndipo ungawaonjeze khumi m'mphindi zochepa. Database za mtundu wa Oracle, SQL Server, PostgreSQL ndi MySQL zimene mabungwe ambiri amadalira nthawi zambiri zimakhala ndi seva imodzi yokha yolandira zolemba, chifukwa ndalama ya mu akaunti iyenera kukhala ndi mwini mawu mmodzi. Kuikulitsa ndiko kuisamutsira pa makina ena, ndipo izi zimafuna kuiimitsa kapena kuidumphitsira pa seva yodikirira, kenako n'kudikira kuti memory yake idzadzenso. Kuchita zimenezi 10 koloko m'mawa pa 28 mwezi, anthu ali pamizere, n'kusintha tayala galimoto ili pa liwiro. Ndiponso ngati chotsamwitsa ndi mzere wokhomedwa uja kapena funso la SQL lolembedwa molakwika, makina aakulu angokweza bilu, liwiro likhala lomwelo.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti za mawa sizidziwika, ndiye mayeso angathandize chiyani? Chitsanzo chake chilipo. Mu Julayi 2016 gemu ya Pokémon Go itatuluka, kampani ya Niantic idakonzekera kuti zinthu zikafika poipa katundu achuluke kasanu kuposa amene ankayembekezera, koma malinga ndi Google, amene ankasunga deta yake, adachuluka ka 50. Palibe mayeso amene akanalosera zimenezo. Koma banki kapena ofesi yolipira antchito a boma si gemu yatsopano. Makasitomala ake ndi odziwika kuchuluka, masiku ake otentha amabwera mwezi uliwonse, ndipo mbiri ya katundu wake ili kale m'makina ake, muja mwa malipoti a AWR a Oracle kapena pg_stat_statements ya PostgreSQL. Kupatula apo, cholinga cha mayeso abwino n'kukankha makina mpaka atagonja, kuti mudziwe pamene amagonjera ndi chiwalo chimene chimayamba kugonja. Wodziwa kuti database yake imatsamwa katundu akachuluka katatu, ndi kuti chimayamba ndi disiki, amaika chenjezo pa kawiri ndipo amadziwiratu chochita. Winayo amaphunzira pa tsiku la ngozi, makasitomala akuonerera.

Mfundo yachitatu imamveka yanzeru kuposa zonse, yoti tingobwereka makina aakulu kwambiri tigone tulo. Makolo adaletsa kugula mbereko mwana asanabadwe, ndipo pa cloud mbereko imeneyi amailipiritsa ola lililonse, kaya muli mwana kaya mulibe. Palinso layisensi. Malamulo a Oracle pa makina a Amazon ndi Microsoft amawerengera ma vCPU awiri ogawana core ngati layisensi imodzi ya processor, kotero makina okula kawiri amakokanso layisensi zochuluka kawiri, ndipo kawirikawiri layisensi imadula kuposa makinawo. Kwa bungwe la ku Malawi nkhaniyi imapweteka powirikiza, pakuti bilu imabwera m'madola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola iliyonse ya makina ongokhala idayamba kudya makwacha ochuluka kwambiri, kuonjeza pa vuto lopeza dolayo. Ndipo pali chinthu chimene kukula kwa makina sikungachize, mtunda. Microsoft idatsegula malo ake ku South Africa mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024, ndipo kumeneko ndiko kufupi. Tiyerekeze kuti pulogalamu yatsala ku Lilongwe, database yapita ku Johannesburg, ndipo ulendo wopita ndi kubwera ukutenga mamilisekondi 30. Ntchito ya usiku yofunsa database mafunso 1 miliyoni motsatizana idzataya masekondi 30,000 panjira pokha, maola oposa 8. Kunja kudzacha isanathe, ngakhale processor ikhale yamphamvu chotani.

Otsala anganene kuti mayeso otere ndi odula. Apa cloud yomweyo yachotsa chowiringula, chifukwa makina amene kale unkayenera kuwagula kuti uwayese, lero umawabwereka masiku atatu n'kuwabweza, ndipo zida monga pgbench, sysbench ndi HammerDB n'zaulere. Chofunika ndi kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Deta yoyesera ikhale yaikulu ngati yeniyeni, maina a anthu atabisidwa. Katundu atengedwe ku tsiku loipitsitsa la chaka chatha n'kuonjezapo kukula kumene bungwe likuyembekezera. Mayeso ayende maola ambiri, backup ikuchitika, malipoti akuthamanga, ndipo pakati pake wina azimitse dala seva yaikulu kuti aone ngati yodikirira inyamule. Powerenga zotsatira asakhutire ndi avereji, imene imabisa ovutika. Afunse kuti munthu mmodzi pa 100 aliwonse amene wachedwetsedwa kwambiri wadikira nthawi yaitali bwanji, pakuti pa ntchito 1 miliyoni za tsiku limodzi anthu oterowo ndi 10,000.

Udindo umenewu usasiyidwe m'manja mwa mainjiniya okha, chifukwa iwo nthawi zambiri amapanikizidwa ndi tsiku lotsegulira limene ena adalengeza kale. Bodi ndi komiti yogula katundu ndizo zili ndi mphamvu yokana kusaina. Sizikusowa kudziwa SQL kuti zifunse mafunso anayi: mwayesa ndi deta ya ndani, kwa maola angati, pa makina omwewo amene tikubwerekawo kapena ena, nanga adagonja katundu atafika pati? Wogulitsa wokhulupirira makina ake adzalola kuti mayankho a mafunsowa alembedwe m'pangano, ndi chilango chake akalephera. Amene akana, wakuuzani kale zimene mayeso akanakuuzani, ndipo wakupulumutsirani ndalama zoyesera.