Ku Cusco matchalitchi anakwera pamsana pa akachisi

Sabata ino ndikutengerani kutali, kudziko la Peru, mumzinda wakale wa Cusco. Za thiransipoti musade nazo nkhawa, ulendo wake ngwapansi ndipo sukwana n'kilomita imodzi yomwe. Mnyamata wachangamu atha kuuyenda m'mphindi khumi. Koma changamucho chisiyeni kunyumba. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 3,400, kutanthauza kuti mayi wogulitsa mbatatesi pamsika wa kumeneko ali pamwamba kuposa munthu amene waima pansonga ya Sapitwa, ija ya mamita 3,002. Ukangoti uthamange pang'ono, befu, wefuwefu ngati wakwera Mulanje utasenza thumba la chimanga.

Tiyambire pabwalo lalikulu lotchedwa Plaza de Armas. Eni nthaka, a Inca, ankalitcha Huacaypata, ndipo apa mpamene panali pamchombo pa ufumu wawo. Mu November 1533 Asipanishi motsogozedwa ndi Francisco Pizarro analowa mumzindawu, ndipo sanachedwe kuonetsa kuti tambala wasintha.

Choyamba kukukoka maso pabwalopo ndi tchalitchi chachikulu cha bishopu. Anayamba kuchimanga cha m'ma 1560 n'kudzachimaliza mu 1654, zaka pafupifupi zana limodzi. Malo akewo sanali thengo ayi, panali nyumba yachifumu ya Inca Viracocha. Miyala yambiri anakaigumula ku Sacsayhuamán, linga lalikulu la a Inca lomwe lili paphiri pamwamba pa mzinda. Nanga osenza miyalayo anali ndani? Eni ake omwewo. Thangata sanayambire kwathu kuno, abale.

M'katimo ine chinandiimitsa nthawi yaitali si siliva wa paguwa, ngakhale alipo wochititsa kaso. Chinali chithunzi cha Mgonero Womaliza chomwe anajambula mwana wa komweko, Marcos Zapata, m'zaka za m'ma 1700. Yesu ali pakati, ophunzira amuzungulira, zonse monga tidazolowera. Koma tayang'anani m'mbale ili pakati pa tebulo. Muli kanyama kowotcha, kagona chagada miyendo m'mwamba, ndipo ambiri amati ndi mbira! Inde, mbira zomwe ana amaweta kuseri kwa khitchini zija. Kumeneko amazitcha cuy ndipo ndi ndiwo ya ulemu, yodyera paphwando. Mkuluyu anangoganiza kuti ngati Ambuye anadya chakudya chotsanzikana ndi abwenzi awo, ndiye kuti anadya ndiwo yeniyeni. Otsogolera alendo amawonjezera kuti nkhope ya Yudasi pachithunzipo ndi ya Pizarro. Izo ndi zawo, koma ngati zili zoona ndiye kuti mnyamatayu anatukwana atsamunda m'tchalitchi mwawo momwe, iwo n'kumulipira. Ndinakumbukira a kudambwe kwathu kuno amene anaona azungu a mishoni akubwera ndi Maliya, iwonso n'kutulutsa Maliya wawo m'gule.

M'tchalitchi momwemo muli fano la Yesu wopachikidwa lakuda bii, ati chifukwa cha utsi wa makandulo wa zaka mazanamazana. Anthu amalitcha Taytacha Temblores, ngati kunena kuti Atate a zivomezi. Nkhani yake imati pa chivomezi choopsa cha mu 1650, anthu analitulutsa panja ndipo nthaka inaleka kugwedezeka. Mpaka lero Lolemba la Sabata Yoyera amalinyamula kuzungulira mzinda, anthu n'kumaliponyera maluwa ofiira otchedwa ñucchu, ena akulira misozi chuchuchu.

Mutatuluka, penyani kumanzere. Pabwalo lomwelo, mtunda woti mutha kuitanizana, pali tchalitchi chinanso, La Compañía, cha ansembe a chipani cha ma Jesuit. Nachonso chinakhala pa nyumba ya mfumu ina, Huayna Cápac. Chivomezi cha 1650 chitagwetsa choyambacho, ma Jesuit anamanganso china chokongola kwadzaoneni, chomwe chinatha mu 1668. Apa mpamene panabuka mkangano. A bishopu ndi anthu awo ankati tchalitchi cha ansembe wamba chisapose cha bishopu. Amati mlandu unapita mpaka kwa Papa ku Rome, koma mmene yankho linkafika pa sitima ya pamadzi, n'kuti amisiri akumalizitsa nsanja. Tambala awiri salira m'khola limodzi, koma awa analira ndithu, mpaka mfumu ya ku Spain inapitikitsa ma Jesuit m'maiko ake onse mu 1767.

Musanachoke pabwalopo imani kaye, vulani chipewa. Pakati pa matchalitchi awiriwa, mu 1572, anadula mutu Túpac Amaru, mfumu yomaliza ya a Inca. Pa 18 May 1781 anabweretsanso wina wa mtundu wake, Túpac Amaru II, amene anatsogolera anthu kuukira thangata ndi misonkho. Anamuonetsa kaye akupha mkazi wake Micaela Bastidas ndi mwana wake, kenaka anamumangirira manja ndi miyendo ku mahatchi anayi kuti amukhadzule. Atalephera, anamudula mutu. Zonsezi zinachitika makomo a nyumba za Mulungu akuyang'ana. Ndiye mukamva otsogolera alendo akunena mwaulemu kuti pano "zikhalidwe ziwiri zinakumana", dziwani kuti kukumana kwake kunali kwa fisi ndi mbuzi.

Tsono tilowe m'kanjira kopapatiza kotchedwa Loreto, kamene kamayambira pambali pa La Compañía. Muno galimoto sizidutsa, ndipo phokoso la pabwalo limangoti zii. Uku ndi uku ndi makoma a a Inca, miyala yosemedwa bwino yosanjikizana popanda simenti, popanda dothi. Pamene miyala iwiri yakumana simungalowetse ngakhale lezala. Amisiri athu ena omanga midadada ya sukulu yomwe imang'aluka mvula yoyamba yomwe, ndikadakhala ndi ndalama ndikadawalipirira ulendo adzangoima muno theka la ola.

Khoma la kumanzerelo linali la Acllahuasi, nyumba ya atsikana osankhidwa. Ankawatenga m'midzi ali aang'ono, n'kuwatsekera mmenemo kuti aziluka nsalu ndi kufulula chicha, mowa wa chimanga wonga masese, za mfumu ndi za mulungu Dzuwa. Lero kuseri kwa khoma lomwelo kuli nyumba ya asisitere obindikira a Santa Catalina. Mwaiona nkhaniyo? Chipembedzo chinasintha, chinenero cha mapemphero chinasintha, koma otsekeredwa kuseri kwa khomalo anakhalabe ana aakazi.

Mukatuluka m'kanjirako n'kutsata msewu wa Pampa del Castillo, mwafika pa Santo Domingo, tchalitchi cha ansembe a Dominiko. Pansi pake mpamene pali Qorikancha, kachisi wa Dzuwa, malo opatulika koposa onse mu ufumu wa a Inca. Dzinalo likutanthauza mpanda wa golide, ndipo silinali dzina lachabe. Makoma ake anali okutidwa ndi golide, ndipo olemba mbiri akale amasimba za munda womwe chimanga chake chinali chosula ndi golide. Mu 1533 golide wa pamakomayo anamukanganula n'kupita naye ku Cajamarca ngati dipo lowombolera mfumu Atahualpa amene Pizarro anamugwira. Dipo analandira, golide anasungunula, mfumuyo anaiphabe. Pogawana zolanda, malowa anagwera mng'ono wake wa Pizarro, Juan, ndipo kuchoka kwa iyeyo anapita m'manja mwa ansembe.

Ine sindinena kuti gogo amene ndinamuona atagwada m'tchalitchimo, korona m'manja, akunong'ona m'Chiquechua, akupemphera mwachiphamaso. Ayi ndithu. Chikhulupiriro chake nchenicheni, ndipo ndani ine kuti ndikamuuze kuti Yesu wake ngwobwereka? Chimene ndikukana nchakuti tizinamizira kuti mtanda unafika pamalo pano ndi nyimbo zokha. Gogoyo akudziwa bwino chimene chili pansi pa mawondo ake, ndipo pa 24 June, tsiku la Inti Raymi, chikondwerero cha Dzuwa chomwe anachitsitsimutsa mu 1944, adzukulu ake amadzayambira mwambo pakhomo lomweli.

Pa 21 May 1950 nthaka inagwedezekanso. Nsanja ndi zipupa za Santo Domingo zinawonongeka kwambiri, pulasitala anayoyoka, ndipo makoma a kachisi omwe anabisika zaka zambiri anaonekera, ali chiimire. A Inca ankamanga makoma opendekera m'kati pang'ono, makomo opapatiza kumwamba, miyala yolumana yokha, kotero chivomezi chikabwera imangogwedera n'kubwerera m'malo. Pokonza tchalitchicho, akuluakulu anagwirizana zowasiya poyera.

Ndiye mukazungulira n'kutsikira kumsewu wa Avenida El Sol, cheukani muyang'ane m'mwamba. Muona khoma lakuda lokhota, losalala ngati analipaka mafuta, ndipo pamwamba pake penipeni pakhala mbali ya tchalitchi kumene kuli guwa la Misa. Ansembe a Dominiko akadali momwemo, ndipo amene akufuna kuona zipinda za kachisi wa Dzuwa amagula tikiti pakhomo pawo.