Mbuzi Igulitsidwe Matenda Asanayambe

Makolo athu adamutcha wapakati mai woyembekezera, ndipo akuluakulu amatiuza kuti dzinali lidabwera chifukwa munthuyo amakhala pakati pa moyo ndi imfa. Mau ameneŵa tonse timaŵadziŵa. Timaŵanena pamaliro, timaŵanenanso polangiza achinyamata ofuna ukwati. Koma tikaona m'mene timakhalira ndi mai wa miyezi 8 m'nyumba zathu, n'zokayikitsa ngati timaŵakhulupiriradi. Munthu amene tikuti ali pakati pa moyo ndi imfa ndiye amadzuka tambala woyamba kukatunga madzi kumjigo, amasenza mtolo wa nkhuni, amaŵerama m'munda mpaka dzuŵa lili pamutu, kenaka n'kudzaphika nsima imene iye adzaidya pomaliza, ndiwo zitatha. Mwamuna wake mukamufunsa kuti zokonzekera zafika pati, yankho lake n'lodziŵika kale: izo n'za akazi.

Yankho limeneli ndilo tifuna kulimbana nalo, pakuti laika m'manda amai ambiri amene akadakhala nafe lero.

Tiyambe ndi kuyamika zimene zasintha. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiŵerengero cha anthu adapeza mu 2000 kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo m'Malaŵi, amai 1,120 ankamwalira ndi zovuta za uchembere. Mu 2004 chiŵerengerocho chinali 984, mu 2010 chidafika pa 675, ndipo kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adapeza 439. Pa nthaŵi imeneyo amai 9 mwa 10 aliwonse ankachirira kuchipatala. Limeneli ndi dalitso lalikulu. Komabe 439 atanthauza mai mmodzi pa ana pafupifupi 230 aliwonse, ana amene amabadwa m'midzi yoŵerengeka chabe pa chaka chimodzi. N'chifukwa chake palibe mmodzi mwa ife amene sadapiteko kumaliro otere, kumene khanda likulira m'manja mwa agogo ake, anthu akuimba nyimbo zoperekeza mai wake.

Mu 1994 akatswiri aŵiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, adafotokoza kuti amai otere amaphedwa ndi kuchedwa kwa mitundu itatu. Koyamba ndi kuchedwa kugamula kuti wodwala apite kuchipatala. Kwachiŵiri ndi kuchedwa panjira. Kwachitatu ndi kuchedwa kulandira chithandizo munthu atafika kale. Kuchedwa kwachitatuku ndi mlandu wa boma ndi wa eni zipatala, ndipo tili ndi ufulu wonse woŵafunsa. Koma kuŵiri koyambako kumapangidwira pakhonde pathu. Ife amuna, ife apongozi, ife eni mbumba, ndife timakuumba ndi manja athu.

Taganizani m'mene zimayendera kaŵirikaŵiri. Matenda, ndiye kuti zoŵaŵa za kubereka, ayamba usiku. Bambo ali kumoŵa, kapena ali kutali kuntchito ndipo foni yake sikupezeka. Apongozi ati tiyambe taona, n'kale lomwe ife tidayamba kubereka. Mwana atumidwa kukadzutsa atsibweni, popeza iwo ndiwo mwini mbumba, wodwala sangatuluke pamudzi iwo osadziŵa. Atsibweni afika, avomera, koma ndalama ya ulendo palibe. Pamenepo mpamene anthu akumbukira kuti m'khola muli mbuzi. Kodi ndani amagula mbuzi pakati pa usiku? Amene angavomere aigula pa theka la mtengo wake. Wanjinga yamoto apezeka mbandakucha, ndipo ngati ndi m'mwezi wa Febuluwale, mtsinje wadzaza, mlatho wamitengo udapita ndi madzi. Anamwino amatichenjeza kuti mai wotaya magazi ambiri atachira angathe kumwalira m'maora aŵiri okha. Ife tataya maora 8 pa zinthu zimene tikadazikonza masana, mwezi wathunthu zisanachitike.

Choipa koposa ndi bwalo la milandu limene m'midzi ina timalizengera munthu ali m'zoŵaŵa. Matenda akatalika, amai aakulu amamuzinga namuuza kuti aulule amuna amene adayenda nao, apo ai mwana satuluka. Kwina mlandu amaukankhira kwa mwamuna, amvekere adadumpha mkazi wake. Tinene mosabisa, limeneli ndi bodza, ndiponso ndi nkhanza. Mwana amakanika kutuluka chifukwa mutu wake wakula kuposa njira ya m'mafupa a m'chiuno, makamaka kwa mtsikana amene thupi lake silidakhwime, kapena chifukwa wagona chopingasa, kapenanso chifukwa chiberekero chatopa. Mafupa samva kuulula. Mai angatchule maina a mudzi wonse, njira sikula ai. Chimene chimapulumutsa pamenepo ndi opaleshoni. Tikachedwa, mwana amafera m'mimba, chiberekero chimang'ambika, kapena mutu wa mwana umapsinja mnofu mpaka kusiya chiboo pakati pa chikhodzodzo ndi njira yobadwira. Ameneŵa ndiwo matenda a fisitula, amene amachititsa mai kumangodontha mkodzo usana ndi usiku. Pachipatala cha Bwaila mu Lilongwe pali malo ochizira amai otere, ndipo ena a iwo adathaŵidwa ndi amuna omwewo amene adachedwa kuŵapezera njinga.

Pali mankhwala azitsamba otchedwa mwanamphepo, amene ena amamwetsa wapakati kuti achire msanga. Vuto lake si lakuti alibe mphamvu. Vuto n'lakuti mphamvuyo ilibe muyeso. Kuchipatala mankhwala ofulumizitsa matenda amaperekedwa moyeza, mzamba ali pomwepo kumvetsera mtima wa mwana, ndipo saperekedwa konse ngati njira yatsekeka. Kukakamiza chiberekero kukankha mwana amene alibe potulukira ndiko kuching'amba. Amene amapereka chikho chimenechi amachipereka mwachikondi, tikudziŵa. Koma chikondi chosafunsa chaphetsa ambiri, ndipo akale adati safunsa adadya phula.

Timabisanso pakati miyezi yambiri poopa afiti, ndipo ena amati kugula zovala za mwana asanabadwe n'kuitana tsoka. Motero mai amayamba sikelo mimba itaonekera kale kwa aliyense. Chikhalirecho bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse lidalangiza mu 2016 kuti wapakati aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, ulendo woyamba ukhale m'kati mwa masabata 12 oyamba. Kusikelo amayeza kuthamanga kwa magazi, amaona m'mene mwana wagonera, amapereka mankhwala oonjezera magazi, Fansidar ndi masikito zoteteza ku malungo, ndiponso katemera wa kafumbata. Amayezanso HIV, ndipo kuyambira mu 2011 dziko lathu lidayamba kupereka mankhwala a moyo wonse kwa mai aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilomboka, kuti mai akhale ndi moyo, mwana abadwe wopanda matendaŵa.

Mwamuna amene amachita manyazi kukhala pabenchi la kusikelo akumbukire kuti mbeŵa ya manyazi idafera kuuna. Kumeneko ndiko amaphunzitsa zizindikiro zoopsa: kutaya magazi, mutu woŵaŵa kwambiri, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kutentha thupi, kusweka kwa nsupa matenda asanayambe, mwana kusiya kugunda m'mimba, kukomoka ngati wakhunyu, ndiponso matenda opitirira maora 12. Kodi mai amene wakomoka angadzinyamule yekha? Angauze munthu chimene adamva kusikelo? Zizindikiro zimenezi ayenera kuzidziŵa ndi amene amagona naye m'nyumba imodzi.

Ena atiyankha kuti kuchipatala anamwino ena amalalata, mankhwala amasoŵa, ambulansi imakhala yopanda mafuta. Sitikana ai, zoterezi zimachitika, ndipo tiyenera kumazinena kumakomiti a zipatala, kwa mafumu ndi kwa aphungu athu mpaka zitakonzeka. Koma mau oŵaŵa a namwino amapola, pamene magazi otayikira pamphasa sabwerera m'thupi. Enanso amati agogo athu adabereka ana khumi m'chikuta, osaonako chipatala. Zoonadi, amene adapulumuka ndiwo amatisimbira. Anzao amene sadatuluke m'chikutamo sangatiuze kanthu. Azamba akumudzi sitiŵanyoza, pakuti adatumikira anthu pamene chipatala chinali ulendo wa masiku aŵiri. Boma lidaŵaletsa kubereketsa mu 2007, ndipo mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adafeŵetsa chiletsocho, anthu nakangana kwambiri. Koma mkangano wonsewo sudasinthe mfundo imodzi: mzamba wakumudzi, ngakhale waluso chotani, alibe magazi oti apatse munthu, alibenso chipinda cha opaleshoni.

Mafumu ambiri adaika malamulo akuti wochirira pakhomo kapena panjira alipe chindapusa, kwina nkhuku, kwina ndalama, kwina mbuzi. Cholinga n'chabwino, ndipo mafumu ena, monga Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu, adatchuka chifukwa cholimbikira nkhani ya uchembere wabwino. Koma tifunse: manyazi a chindapusacho amagwera yani? Amagwera mai amene wachirira m'mbali mwa mseu, ngati kuti adasankha yekha kutero. Woyenera kuima pamaso pa mfumu ndi mwamuna amene adaona mimba ikukula miyezi 9 osasunga kanthu, pamodzi ndi akuluakulu amene ankati tiyambe taona. Ndipo taonani kupusa kwake: mbuzi imene tidaikakamira pamene ikadalipira ulendo, taipereka ulele kwa amfumu, mwinanso yaphedwa kudyetsa anthu pamaliro.

Pa zipatala zambiri pali chidikiro, nyumba imene amai ochokera kutali amakhalamo masabata omaliza, kudikira tsiku lao pafupi ndi azamba. Mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda adakhazikitsa ntchito ya uchembere wabwino imene idalimbikitsa kumanga nyumba zotere. Nanga n'chifukwa chiyani amai ena amazengereza kupitako? Afunseni, akuuzani. Ana asiyira yani? Kumeneko akadya chiyani, popeza ufa, ndiwo ndi nkhuni n'zochokera kunyumba? Ndani akamudikirira? Munda upalira ndani? Ena amaonjeza motsitsa mau kuti akachoka mwezi wathunthu, bambo ayamba kuyendayenda. Mafunso onseŵa sakupita kwa dokotala. Akubwera kwa ife.

M'miphakati ndi m'malimana mwathu timadziŵa kusonkha. Uthenga wa maliro ukangomveka, dzuŵa lisanaloŵe ufa wafika, nkhuni zafika, ndalama za bokosi zapezeka, amai agaŵana ntchito, abambo apita kumanda. Luso limeneli n'lamtengo wapatali. Koma bwanji timalisungira akufa okha? Mtsogoleri wa mphakati aliyense angathe kudziŵa mabanja amene ali ndi wapakati wa miyezi 7. Mbale imodzi ya ufa kuchokera m'nyumba iliyonse ingadyetse mai kuchidikiro mwezi wathunthu. Achinyamata angapalire munda wake, amai anzake n'kumasinthana kusamala ana otsala. Pa 31 Meyi timakumbukira Amai Maria akuchezera Elizabeti, koma timaiŵala kuti sadangopereka moni n'kubwerera. Adapita mbale wao ali ndi pakati pa miyezi 6, nakhala naye pafupifupi miyezi itatu, ndiye kuti miyezi yomaliza, yolemetsa ija, imene munthu amalephera n'kuŵerama komwe.

Tsono bambo, mwezi wachisanu ndi chiŵiri ukakwana, khalani pansi ndi akazi anu, mutsegule kabuku ka kusikelo. Pakati pamatenga masabata pafupifupi 40, koma tsiku lolembedwa m'kabukumo n'longoyerekeza, mwana angathe kubwera masabata aŵiri kapena atatu lisanafike. Gwirizanani chipatala chimene mudzapite. Ngati ndi chamishoni, monga Likuni, Mua, Namitete, Nguludi kapena Mlambe, kafunseni nthaŵi ikadalipo ngati pali zolipira, pakuti kuyambira mu 2006 boma lakhala likuchita mapangano ndi zipatala zina za mipingo kuti amai oyembekezera azithandizidwa osalipira, koma si zonse zili m'panganoli. Panganani ndi wagalimoto kapena wanjinga yamoto, mudziŵe mtengo wake wa usiku, ndipo nambala yake aidziŵe aliyense pakhomopo. Akuluakulu a banja auzidwe lero kuti tsikulo likadzafika sipadzakhalanso kudikira chilolezo cha munthu. Chikwama chikhale chomangiratu: zitenje zochapa bwino, beseni, sopo, tochi, zofunda ndi chipewa cha mwana, ndi zina zimene azamba angakuuzeni. Dziŵaninso achibale amene angapereke magazi atafunika. Ndipo kuyambira lero ndowa ya madzi, mtolo wa nkhuni ndi khasu zichoke m'manja mwa wapakati, ndiwo zabwino ziyambire m'mbale yake.

Ena adzaseka poona mwamuna atasenza ndowa, adzati adadyetsedwa mankhwala. Asekeni iwo pamene mudzabwera kuchokera kuchipatala, mai akuyenda ndi miyendo yake, khanda lili kumsana kwa apongozi. Mbuzi ili m'kholamo idzachokamo ndithu, ngakhale tiikakamire chotani. Chatsalira ife n'kusankha: tiigulitse pamsika masana, pa mtengo wake weniweni, mai akadali wamphamvu, kapena tidzaiphere adzukulu.