Thumba lili pa mzere, musabwere ndi lina

Sabata yatha mayi wina wogulitsa mbatatesi ku Tsangano anandiimbira ku wailesi atapsa mtima. Anatumizira mwana wawo ndalama pa foni, koma uthenga wotsimikiza osabwera. Atadikira pang'ono anatumizanso. Madzulo mauthenga awiri anafika motsatana: ndalama zapita kawiri. Wokondwa anali mwanayo.

Kuti timvetse, tiyeni ku chigayo cha ku Furancungo. Mukafika ndi chimanga simuima pamenepo mpaka dzuwa kulowa. Mumaika thumba pa mzere, pa bicha monga timanenera kuno, n'kupita kumsika. Wogaya amatenga limodzilimodzi. Makina akazima, thumba lanu silisowa ayi, limangodikira.

Makompyuta a makampani akuluakulu amachitanso chimodzimodzi. Ntchito yachangu amaigwira pompopompo, koma zina monga kutumiza uthenga kapena kulemba lisiti amaziika pa mzere, kuti munthu wotsatira asachedwe. Kuseri kuli mapulogalamu ena, agayi ake, otola ntchitozo imodziimodzi. Mwa odziwika ndi Celery, amene anayamba mu 2009, ndipo mzere wake umasungidwa ndi RabbitMQ kapena Redis. Ntchito ikakanika amaiyesanso pakapita kanthawi. Akatswiri osamala amapatsa ntchito iliyonse nambala yake, kuopa kugaya thumba limodzi kawiri.

Nayonso SMS ili ndi mzere wake. Foni yanu ikasowa netiweki, monga zimachitikira kuseri kwa mapiri a ku Macanga, uthenga umasungidwa ku kampani kufikira foniyo itapezeka.

Tsono vuto lili apa. Mukadinanso kachiwiri, kompyuta siidziwa kuti mtima wakuthamangani. Kwa iyo limenelo ndi thumba latsopano, la nambala yatsopano, ndipo imagaya ndithu. Ine sindiwaimba mlandu mayiwa. Ndalama ya mbatatesi ndi ya thukuta, ndipo makampani akanachita bwino kumatiuza m'chilankhulo chathu kuti "dikirani, zili pa mzere."

Kaya muli pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, uthenga ukachedwa yambani mwaona ndalama zotsala mu foni. Ngati zachepa, ndiye kuti zapita. Kapena imbirani wolandirayo.

Mayi aja ndinawalangiza kuti auze mwanayo abweze zinazo. Akuti anali atagula kale nsapato.