Mwana Wokaphunzira Kunja Asanyamuke Wopanda Inshuwalansi ya Zaumoyo

Kalata yoitana mwana ku sukulu yaukachenjede ya kunja ikafika pa khomo la ku Kawale, ku Biwi kapena ku Chinsapo, amayi a pamdadada naimba nthungululu, amalume ndi azakhali nakhala pamkeka kuwerengera za fizi, za pasipoti ndi za ulendo, pamatsala chinthu chimodzi chimene ambiri sachitchula kufikira tsiku lopereka mapepala a viza, ndicho inshuwalansi ya zaumoyo. Ine ndikuti chinthu chimenechi chiyenera kulembedwa poyambirira penipeni, pakuti chimatsekereza ana ambiri pakhomo ulendo usanayambe, ndiponso ndicho chimawasunga amoyo akafika kuchilendoko.

Kuiwala kwathu n'komveka. Tinakulira m'dziko limene wodwala amatenga buku lake la kuchipatala napita ku Bwaila kapena ku chipatala cha ku Area 25, ndipo ngakhale akhale pamzere kuyambira mbandakucha, boma silimufunsa ndalama kuti aonane ndi dokotala. Koma maiko amene ana athu akupitako ali ndi malamulo ena. Ku South Africa, kumene agogo athu ankapita pa Wenela, wofuna viza ya maphunziro ayenera kuonetsa umboni wakuti walowa m'bungwe la chithandizo cha mankhwala lolembetsedwa komweko motsata lamulo lawo la 1998, ndipo ayenera kulipiranso chaka ndi chaka; khadi la inshuwalansi ya MASM, ngakhale ndi lolemekezeka kuno kwathu, silikwanira pa mlandu umenewu. Ku Britain, chiyambire 2015, wophunzira amalipira msonkho wa zaumoyo popempha viza, umene unayamba pa mapaundi 150 pachaka, nufika pa 470 mu 2020, ndipo kuyambira February 2024 uli pa mapaundi 776. Ndalama ya zaka zonse imaperekedwa kamodzi, kotero kuti wa digiri ya zaka zitatu amafunika mapaundi osachepera 2,328 asanaponde n'komwe bwalo la ndege. Ku Germany nako yunivesite silembetsa munthu wopanda inshuwalansi.

Alipo onena kuti zonsezi ndi linga lotchingira mwana wa mmphawi, ndipo sindiwatsutsa kotheratu, pakuti msonkho wa ku Britain umene wakwera kasanu m'zaka zosakwana khumi umalemera kwambiri pa banja la ku Mgona, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene ndalama zakunja zikusowa m'mabanki. Komabe walira mvula walira matope. Mwana wopanda inshuwalansi akadwala ku Johannesburg kapena ku Pretoria, kumene kulibe azakhali omutengera phala m'kontena kapena mlongo wogona pansi pambali pa bedi lake, ndipo chipatala chikatulutsa bilu ya marandi, mtolo wonsewo umabwerera kuno: uthenga umazungulira pa WhatsApp ya banja, amayi amakongola ku banki m'khonde, ndipo puloti ya ku Area 23 imene bambo anaivutikira zaka zambiri imagulitsidwa pa mtengo wolira. Tsoka silinunkha, ndipo unyamata suteteza munthu ku ngozi ya pamsewu kapena ku nthenda yofuna opaleshoni.

Choopsa koposa ndi madobadoba amene amalonjeza pepala la inshuwalansi pa mtengo wotsika, napereka chikalata chabodza chimene sichingagule ngakhale panado. Maofesi a akazembe amafufuza, ndipo ku Britain wopezeka ndi chinyengo akhoza kuletsedwa kulowa m'dzikomo kwa zaka khumi. Motero kholo limene likuyesa kupulumutsa ndalama pang'ono likhoza kukwirira tsogolo lonse la mwana wake ndi manja ake omwe.

Chifukwa chake ndikupempha makolo kuti, kalata ikangofika, alembere ofesi yoona za ophunzira akunja pa yunivesiteyo ndi kufunsa mabungwe ovomerezeka, mtengo wake, ndi ngati chithandizocho chikuphatikizapo kubweretsa mwana kumudzi zinthu zikavuta, pakuti safunsa anadya phula. Ndikupemphanso mipingo, makampani ndi onse akufuna kwabwino amene amalipirira ana sukulu kuti asamaime pa fizi yokha, chifukwa thandizo lopanda inshuwalansi limathera pa windo la viza. Ndipo a Reserve Bank pamodzi ndi mabanki athu aziona ndalama imeneyi monga gawo la fizi, naiika patsogolo pogawa ndalama zakunja, kuti mwana amene wakhoza mayeso ndi thukuta lake asataye malo chifukwa chodikira marandi kapena mapaundi. Dziko lino likufuna madokotala, mainjiniya ndi aphunzitsi amenewa abwerere kudzalitumikira, ndipo udindo wowatumiza otetezedwa ndi wathu tonse.